Galimoto ya waya ku Nchenachena: umisiri wa ana wosaphunzitsidwa m'kalasi

Galimoto ya waya ndi chifanizo chaching'ono cha galimoto yeniyeni. Amaipanga popinda mawaya ndi kuwalumikiza, n'kuiveka matayala ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwa mwini wake, kuti aziyendetsa ali chiimire. Imapezeka m'zigawo zonse zitatu za Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo ambiri mwa opanga ake ndi ana a msinkhu wa sukulu ya pulayimale. Akuluakulu amaiwerengera m'gulu la zidole, koma ntchito yake ndi ya mmisiri. Pamafunika diso lodziwa kuyeza, dzanja lodziwa khalidwe la chitsulo, ndi mutu womvetsa chimene chimachititsa kuti galimoto ikhote. Nchenachena, m'boma la Rumphi, ndi malo abwino oonerako lusoli, chifukwa misewu yakumeneko imapatsa wopanga zitsanzo zoti atengere, komanso imayesa mosanyengerera chimene wapangacho.

Malo ndi magalimoto ake

Nchenachena ili kumpoto chakum'mawa kwa tauni ya Rumphi, m'tsinde mwa mapiri a Nyika, m'mbali mwa chigwa cha Henga. Anthu akumeneko amalankhula Chitumbuka ndipo amadalira ulimi: chimanga, nyemba ndi fodya kuchigwa, khofi kumapiri a Phoka. Msewu wochokera ku Njakwa umadutsa m'derali polowera ku Livingstonia, komwe Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe m'chaka cha 1894. Sukulu ya mishoniyo inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi ntchito za zitsulo, choncho ntchito zamanja zinayamba kalekale kupatsidwa ulemu m'dera lino.

Mwana amapanga galimoto imene amaiona, ndipo zimene mwana wa ku Nchenachena amaona zimasintha ndi nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa, malole odzaza mabelo amatsika kupita ku okushoni ya ku Mzuzu. M'miyezi yozizira kumabwera magalimoto otenga khofi. Chaka chonse kumadutsa mapikapu a matola, maambulansi, njinga zamoto za kabaza, ndi ma Land Cruiser a mabungwe ndi alendo okaona Livingstonia. Amene wafikako ku msewu wa M1, cha ku Phwezi kapena ku Chiweta, amabwerako ataona mathanki a mafuta ochokera ku Tanzania ndi malole a malasha a ku migodi ya Mchenga ndi Kaziwiziwi. Zonsezi zimadzatulukira mu waya. Lole ya ngolo yokoka, yokhala ndi matayala ambirimbiri, ndiyo imatengedwa kuti ndi ntchito ya katswiri.

Nyengo yeniyeni yopanga magalimotowa ndi chilimwe. Zokolola zikalowa m'nkhokwe ntchito za kumunda zimachepa, sukulu imatsekera tchuthi chachitali, ndipo njira zimauma moti matayala samatirira matope.

Kusonkhanitsa zipangizo

Ntchito imayamba ndi kusaka, ndipo kusakako kumatha kutenga nthawi yaitali kuposa kupanga. Pamafunika mawaya a mitundu itatu. Waya wokhuthala, wonga wa mpanda wakale kapena chogwirira ndowa yobooka, ndi wa felemu ndi chiwongolero. Waya wapakatikati, wonga womangira mabelo kapena wokolekera zovala, ndi woumbira thupi, zitseko ndi mawindo. Waya woonda wa kopa, wochokera mu wailesi yakufa kapena dayinamo yotha ntchito, ndi womangira polumikiza. Masipoko a njinga ndi amtengo wapatali chifukwa ndi owongoka ndiponso olimba, choncho amakhala ekiselo, waya wopingasa umene matayala amazungulirapo.

Chachiwiri ndi malegeni, timizere todulidwa ku chubu chakutha cha njinga kapena cha galimoto. Malegeni amagwira mfundo kuti isasunthe, amakutira matayala, ndiponso amagwira ntchito ya sipuling'i. Zina zonse ndi zotolatola: zitini za polishi ya nsapato, zitsekerero za mabotolo, mapatapata oduka, zigubu za mafuta ophikira, makatoni, timachubu ta bolopeni ndi zidutswa za kalilole. Kumene waya ndi wosowa, ana amagwiritsa ntchito mapesi a chimanga, bango, nsungwi kapena dongo, ndipo paketi ya Chibuku yoboola mawindo ndi galimoto yoyamba ya ana ambiri m'Malawi. Waya ndiye amene amalola kuti matayala akutsogolo akhote, n'chifukwa chake mwana akakula pang'ono amasiya zinazo.

Zida zake n'zochepa. Mwala wafulati ndi posulira, mwala wina ndi hamala, msomali ndi wobowolera ndi wokulungirapo waya. Chopanira cha amakanika chikapezeka, chobwereka kwa wokonza njinga, ntchito imafulumira. Chikasowa, waya amamudula pomupinda uku ndi uku pamalo amodzi mpaka atathyoka. Apa wopanga amaphunzira mfundo yoyamba ya zitsulo: waya akapindidwa kawirikawiri pamalo amodzi amauma n'kuthyoka, choncho ngodya iliyonse iyenera kupindidwa kamodzi, molondola. Waya wouma kwambiri amafewa akamuotcha pamoto mpaka kufiira n'kumusiya kuti azizire yekha pang'onopang'ono. Waya wokhotakhota amamuwongola pomusula pamwala kapena pomukoka mozunguliza mtengo.

Muyeso umayambira pa tayala

Galimoto ya waya imaoneka yeniyeni ngati ziwalo zake zikugwirizana kukula. Wopanga alibe rula kapena pulani yojambula, koma ali ndi poyambira: tayala. Kukula kwa chitini cha polishi sikungasinthidwe, choncho china chilichonse chimayezedwa potengera icho. Tayala la minibasi ndi lalitali masentimita pafupifupi 65 mpaka 70, ndipo minibasiyo kutalika kwake ndi mamita osakwana 5, kutanthauza kuti m'litali mwake mungandandalikidwe matayala pafupifupi 7. Ngati tayala la chidole ndi la masentimita 7, galimoto yake iyenera kukhala ya masentimita pafupifupi 50, ndipo imeneyo ndi yochepa kakhumi poyerekeza ndi yeniyeni. M'masamu amalemba kuti 1:10.

Mwana sawerenga motero, koma amafika pa yankho lomwelo. Amaika chitini pansi, amachisuntha kangapo m'mzere, n'kulemba m'dothi pomwe galimoto iyambire ndi pomwe ithere. Kaudzu kothyoledwa pa utali woyenera kamakhala muyeso wa zitseko ndi mawindo, kuti mbali ziwiri zifanane. Akalakwitsa, anzake amaona msanga: lole ya mutu waukulu kuposa ngolo yake, kapena pikapu ya matayala oyandikana kwambiri, imasekedwa isanayende n'komwe.

Felemu ndi thupi

Felemu ndi waya wokhuthala wopindidwa m'makona anayi, wokhala ndi mitanda iwiri kapena itatu yopingasa. Imayesedwa poiika pamalo osalala. Ngati kona imodzi yanyamuka, galimoto idzayenda ndi matayala atatu ndipo idzakokera mbali imodzi, choncho felemu amaipotokola mpaka makona onse atagunda pansi.

Mbali ziwiri za thupi amazipinda limodzi, mawaya awiri atagundanitsidwa, kuti zituluke zofanana. Mzere umodzi wa waya umachoka pa bampa, kukwera pa boneti, kudutsa pa galasi lakutsogolo ndi denga, n'kutsikira kumbuyo. Mzere umenewu ndiwo umauza woona kuti iyi ndi Land Cruiser, iyi ndi Hiace, iyi ndi thirakitala, ndipo ndi pamene luso la wopanga limaonekera kwambiri. Kenako mbali ziwirizo amazilumikiza ndi mawaya opingasa.

Mfundo iliyonse imamangidwa ndi waya woonda wokulungidwa mothinana, kenako legeni pamwamba. Thupi lamakona anayi lokha limapendekeka likakankhidwa, koma likaikidwa waya wodutsa kuchokera pa kona ina kufika pa kona yopenyana nayo limaima nji. Mfundo yomweyi ndi imene amatsata amisiri pokhoma mitengo ya denga ndi pomanga milatho yachitsulo.

Matayala

Matayala alipo a mitundu ingapo. Zitini ziwiri za polishi zophatikizana zimapanga tayala lonenepa, lolira bwino pamiyala. Patapata wodulidwa mozungulira amapanga tayala lopanda phokoso, logwira nthaka, ndipo zidutswa ziwiri zophatikiza zimafanana ndi matayala apawiri akumbuyo kwa lole. Ena amapinda waya mozunguliza botolo kuti atuluke mkombero, amaikamo masipoko, n'kukulunga malegeni kunja. Zitsekerero za mabotolo ndi za timagalimoto tating'ono.

Chovuta ndi kupeza pakati penipeni. Bowo likapatuka pang'ono, galimoto imayenda modumphadumpha. Njira yodalirika ndi kujambula mkombero wa tayala papepala, kulidula, kulipinda pakati kawiri, n'kubaya msomali pomwe mizere yakumana. M'bowomo amalowetsamo kachubu ka bolopeni kuti tayala lizizungulira mosakhuzika, ndipo kumapeto kwa ekiselo amakulungako legeni kapena kupindako waya kuti lisavuke.

Opanga ozama amawonjezera masipuling'i. Waya wokulungidwa pa msomali maulendo angapo amatuluka sipuling'i, ndipo anayi otere, oikidwa pakati pa felemu ndi ekiselo, amachititsa galimoto kunesa ikaponda mwala. Ena amapachika ekiselo pa malegeni. M'njira zamiyala za m'tsinde mwa Nyika, galimoto yopanda masipuling'i imamasuka mfundo msanga.

Chiwongolero

Chiwongolero ndicho chimasiyanitsa wophunzira ndi katswiri. Ndodo yake ndi waya wautali pafupifupi mita imodzi, wopindidwa mkombero kumtunda, ndipo nthawi zambiri amamumangirira ku bango kapena kansungwi kuti asawerame pokankha. Ntchito zake ndi ziwiri: kukankha galimoto ndi kuikhotetsa.

Njira yapafupi ndi kulumikiza ndodoyo ku ekiselo yakutsogolo, yomwe yonse imatembenukira pa msomali umodzi wapakati. Imagwira ntchito, koma pokhota kwambiri tayala limodzi limalowa pansi pa thupi ndipo galimoto imagubuduka. Njira yachiwiri imatsata galimoto yeniyeni. Tayala lililonse lakutsogolo limakhala ndi kaekiselo kake kopindika, kotembenukira m'kamphete ka waya komangidwa ku felemu. Kaekiselo kalikonse kali ndi kamkono, ndipo timikono tiwirito timalumikizidwa ndi waya umodzi wopingasa. Kumunsi kwa ndodo ya chiwongolero kumapindidwa ngati mbedza yokola waya wopingasayo. Woyendetsa akapotoza dzanja, mbedza imakankhira wayayo kumbali, ndipo matayala awiri amakhota limodzi thupi lili chilili.

Cholakwika chofala n'chakuti chiwongolero chikapita kumanja, galimoto imapita kumanzere. Zimachitika pamene mbedza yapindidwira mbali yolakwika, kapena timikono taloza kutsogolo m'malo mwa kumbuyo. Mwana amene wapeza yekha chifukwa chake wamvetsa mmene mphamvu imasinthira njira podutsa m'zitsulo zolumikizana, zomwe ophunzira umakanika amaziona koyamba pa bolodi. Opanga osamala amaika chiwongolero kumanja, monga zilili m'magalimoto a m'Malawi, momwe amayenda kumanzere kwa msewu.

Kukometsera

Galimoto ikayenda, mwini amaipatsa maonekedwe akeake. Thupi amalikuta ndi malata a zitini, pulasitiki ya zigubu kapena katoni. Botolo loonekera mkati limakhala galasi, zitsekerero zofiira zimakhala nyali zakumbuyo, tizidutswa ta chubu timalendewera kuseri kwa matayala ngati zotchinga matope. Pamwamba pamabwera kaliyala, kutsogolo chitsulo chotchinga, pambali mlongoti wa wailesi, kumbuyo tayala lapadera. Zitseko zimatseguka pa timahinji ta waya wokulunga, ndipo lole ya mchenga imatha kupendeka n'kukhuthula katundu. Batire la tochi ndi kababu zimapereka magetsi enieni oyendera madzulo. Pomaliza pamalembedwa nambala, dzina la timu ya mpira monga Bullets, Wanderers kapena Moyale, kapenanso mawu achipembedzo onga a pa minibasi.

Pano wopanga satsatanso galimoto ya kufakitale. Amakweza thupi, amakulitsa matayala akumbuyo, amafupikitsa denga, amaika mapaipi awiri a utsi pomwe panali imodzi. Chimatuluka ndi galimoto imene sinaonekepo pamsewu uliwonse.

Abale ake a kutsidya kwa nyanja

Chilakolako chosintha galimoto kuti ikhale ya mwini yekha chili ndi mbiri yaitali ku America. M'zaka za m'ma 1930, anyamata a kumwera kwa California ankagula magalimoto akale otchipa a Ford, makamaka Model T ndi Model A, n'kuchotsa zonse zolemera, kutsitsa thupi ndi kuwonjezera mphamvu ya injini. Ankakapikisana pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc. Magalimoto amenewa ndiwo anatchedwa hot rod, ndipo wotchuka koposa ndi Ford ya 1932, yomwe inabwera ndi injini ya V8 pamtengo wofikirika. Magazini ya Hot Rod inayamba kutuluka mu 1948, ndipo bungwe loyendetsa mipikisano la National Hot Rod Association linakhazikitsidwa mu 1951 ndi Wally Parks. Zizindikiro za hot rod ndi denga lodulidwa kuti lifupike, injini yoonekera, matayala aakulu kumbuyo ndi aang'ono kutsogolo, ndi malawi a moto opentedwa m'mbali.

Ana amene sakanatha kugula galimoto anapeza njira yawo m'zaka za m'ma 1950, pamene makampani monga Revell, Monogram ndi AMT anayamba kugulitsa timagalimoto ta pulasitiki tosalumikiza, ta m'bokosi. Muyeso wofala ndi 1:24 ndi 1:25, moti galimoto ya mamita 4.8 imatuluka ya masentimita pafupifupi 20. M'bokosi mumakhala ziwalo zambirimbiri zolumikizika ku timitengo ta pulasitiki, pepala la malangizo ndi zomata zokongoletsera. Womanga amadula chiwalo chilichonse, amachipala ndi sandipepa, amayesa ngati chikukwana asanapake guluu, amapenta injini ndi mipando padera, thupi n'kumalizira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, AMT inatchuka ndi mabokosi opatsa womanga njira zitatu: galimoto ya kufakitale, yokometsera, kapena ya mpikisano. Akatswiri amapitirira apo. Amacheka denga ndi sowo yaing'ono, amasakaniza ziwalo za mabokosi osiyana, ndipo amaika timawaya toonda pa injini kuti ifanane ndi yeniyeni.

Womanga wa m'bokosi ndi wopanga wa ku Nchenachena amafanana pa zitatu: kuyang'anitsitsa galimoto yeniyeni, kusunga muyeso, ndi kusintha kuti chotulukacho chikhale chawo. Amasiyana pa ziwiri. Wa m'bokosi amalandira ziwalo zoumbidwa kale ndi malangizo, pomwe wa waya amapanga yekha chiwalo chilichonse. Galimoto ya m'bokosi ikatha imakhala pa shelefu, pomwe ya waya imapangidwira msewu.

Mayeso a pamsewu

Galimoto yatsopano imayesedwa pamaso pa anzake. Ana amalambula misewu yawo pabwalo, amamanga milatho ya timitengo, amaika zipata za apolisi ndi malo omwetsera mafuta. Kumene kuli zitunda, monga ku Nchenachena, mayeso aakulu ndi kukwera ndi katundu: zitsononkho m'malo mwa mabelo, makala m'malo mwa malasha. Katundu akakhala pamwamba kwambiri galimoto imagwa pokhota, akakhala kumbuyo kwenikweni matayala akutsogolo amanyamuka ndipo chiwongolero sichimvera. Ena amajambula m'dothi makona okhotakhota otengera msewu wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kuti aone galimoto yokhota bwino.

Chowonongeka chimakonzedwa pomwepo, ndipo galimoto ikakalamba waya wake amamuwongola n'kupangira ina. Luso limayenda kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Wamng'ono amayamba ndi kugwirira waya ndi kudula malegeni, kenako amapatsidwa matayala, ndipo chiwongolero amachiphunzira pomaliza. Mwachizolowezi anyamata ndiwo amachuluka, makamaka chifukwa nthawi imene iwo akupinda waya atsikana amakhala akutunga madzi kapena kulera ana.

Zofunika kusamala

Nsonga ya waya imabaya, ndipo imaopsa kwambiri maso, choncho nsonga iliyonse iyenera kupindidwira mkati. Bala lozama la waya wakuda lingalowetse kafumbata, motero liyenera kutsukidwa ndi sopo ndipo mwana apite naye kuchipatala. Kuotcha waya wokutidwa ndi pulasitiki kumatulutsa utsi woipa, ndipo mabatire akutha sayenera kuswedwa. Makolo ayenera kunena momveka kuti mawaya a magetsi sakhudzidwa, ngakhale ataduka n'kugwera pansi, komanso kuti kudula mpanda wa munthu ndi kuba. Pamsewu wodutsa magalimoto enieni, mwana woyang'ana matayala a chidole chake saona chimene chikubwera.

Mbiri ndi phindu lake

Galimoto ya waya ya ku Malawi inadziwika kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams, yemwe anakhalapo m'dziko muno, ndi zithunzi za Catherine Stock. Linatuluka mu 1990 ndipo limasimba za mnyamata wofunafuna waya m'mudzi mwake. Ku South Africa, tauni ya Philipstown imachititsa mpikisano wa ana othamanga ndi magalimoto a waya, ndipo m'mizinda monga Johannesburg ndi Cape Town amisiri ambiri, kuphatikizapo ochokera ku Zimbabwe, amapeza ndalama pogulitsa zopangidwa ndi waya. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, anaonetsa kumene chizolowezi chotola ndi kulumikiza chingafikitse mwana.

Masiku ano zidole za pulasitiki zotchipa zafika m'misika ya kumidzi, ndipo mafoni akutenga nthawi imene kale inali ya masewera apabwalo. Chidole chogula chikathyoka chimatayidwa, ndipo mwana saphunzirapo kanthu. Galimoto ya waya imaphunzitsa muyeso, makona, kulimba kwa zitsulo, kugawa katundu ndi kufufuza chomwe chalakwika. Izi ndi zimene amafuna amakanika, owotcherera zitsulo ndi akalipentala, ndiponso ndi maziko a maphunziro a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira kuyambira mu 1999.

Sukulu za ku Nchenachena ndi madera ena akumidzi sizifunika ndalama kuti zipindule ndi lusoli. Mphunzitsi wa masamu angaphunzitse muyeso ndi galimoto ya mwana ili patebulo, wa sayansi angafotokozere sipuling'i ndi chiwongolero pa chinthu chimene ophunzira anapanga okha, ndipo chionetsero cha kumapeto kwa teremu chingapatse mwayi atsikana ndi anyamata mofanana. Makolo, aphunzitsi ndi amisiri a m'misika apatse ana waya wabwino, chopanira ndi nthawi, chifukwa mwana wopanga galimoto yokhota bwino wayamba kale kuphunzira umisiri.